Penti wamadzi ndi guluu pa matabwa: zoyenera kuchita musanapake

Mukazungulira m'madera momwe anthu akumanga masiku ano muona zitseko zambiri zomwe penti wake wayamba kale kusupuka, mvula isanagwe olo zaka ziwiri. Mabenchi a kutchalitchi, madesiki a kusukulu ndi mipando ya pabalaza nazonso zimayamba kugwedera polumikizira chaka chisanathe. Mlandu umagwera penti kuti ndi wafeki, kapena guluu kuti anamuthira madzi. Pena n'zoona. Koma kawirikawiri vuto limakhala pa thabwa lenilenilo, loti linapakidwa lisanakonzeke kulandira chinthu chamadzi.

Penti ndi vanishi wamadzi ali ndi ubwino wake: sanunkha kwambiri, amauma msanga, ndipo bulashi mumangotsuka pampopi osagula thinner. Guluu woyera uja akalipentala a ku Mchesi kapena ku Ndirande amamatira mipando nayenso ndi wamadzi. Kungoti zamadzizi n'zosankha. Penti wamafuta amatha kukakamira ngakhale pa thabwa lokonzedwa mwachidule, pomwe wamadzi akapeza fumbi, mafuta kapena chinyezi, basi wakana.

Chimachitika n'chiyani pathabwapo

Penti wamadzi ndi timadontho ta pulasitiki tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi. Pachitini nthawi zambiri amalemba kuti acrylic. Mukapaka, madzi ena amalowa m'thabwa, ena amauma ndi mphepo, ndipo timadontho tija timakumana n'kupanga kachikopa kamodzi. Guluu woyera ndi chimodzimodzi, pulasitiki wake ndiye PVA. Kuti kachikopako kagwire, madziwo ayenera kuyamba afalikira pa thabwa n'kulowa m'timabowo ta pamwamba, atanyamula pulasitikiyo. Akapanda kutero penti amangokhala pamwamba ngati nsalu yoyala patebulo. Amauma ndithu, amaoneka bwino, koma chikhadabo chokha chimamusenda.

Vuto la madzi n'lakuti amakokana okhaokha kwambiri, pafupifupi katatu kuposa thinner. N'chifukwa chake dontho la madzi pa tsamba la kabichi limangokhala lobulungira ngati mkanda, pomwe palafini akadontha amafalikira pompo. Thabwa lomwe lili ndi mafuta, utomoni kapena polishi limachita ngati tsamba la kabichi lija.

Ndiye kuyesa kwake n'kosavuta, ndipo sikufuna ndalama. Donthezani dontho limodzi la madzi pamalo pomwe mukufuna kupaka kapena kumata. Likaphwatalala n'kuyamba kulowa, thabwa lakonzeka. Likakhalabe lobulungira patatha masekondi 30, musataye penti wanu, pali chomwe chikutchinga. Yesani malo atatu kapena anayi, chifukwa thabwa limodzi lomwelo limatha kumwa mbali ina n'kukana pafupi ndi mfundo.

Chinyezi cha m'kati

Anthu ena amaganiza kuti poti penti ndi wamadzi, thabwa lonyowa silingavute. Zimasiyana. Thabwa lokhuta madzi lilibe malo olandirira ena, choncho guluu amachedwa kuuma ndipo amasungunuka n'kukhala wopanda mphamvu. Paini wongochekedwa kumene amatha kukhala ndi madzi olemera mofanana ndi mtengo weniweniwo. Madziwo akamatuluka, chinyezi chikatsika kufika cha m'ma 30 peresenti, thabwa limayamba kukhwinyata, ndipo limakhwinyata m'mimba mwake kuposa m'litali. Apa m'pamene penti amang'ambika motsata mizere ya thabwa, tebulo n'kutsegula mpata pakati.

Pa mipando ya m'nyumba chinyezi chabwino ndi cha pakati pa 8 ndi 12 peresenti. Pa zitseko ndi mafelemu a panja musapake chikadali pamwamba pa 15. Kachipangizo koyezera, ka timisomali tiwiri kaja, kamapereka yankho nthawi yomweyo. Ngati mulibe, sikelo imathandiza: dulani kachidutswa, kayezeni, kasiyeni pamalo pomwe pali matabwawo, n'kumakayezanso pakatha masiku atatu aliwonse. Kulemera kukasiya kutsika ndiye kuti thabwa lagwirizana ndi mpweya wa pamalopo.

Matabwa oimikidwa padzuwa pamsika amanamiza. Kunja amaoneka ouma gwa, m'kati muli madzi. Mukagula, agonekeni pamthunzi podutsa mphepo, otalikirana ndi dothi, muike timitengo pakati pa thabwa ndi linzake kuti mpweya uzidutsa. Ndipo musamate thabwa louma ndi lina lomwe langofika kumene. Limodzi likamakhwinyata linzake lili phee, cholumikiziracho ndicho chimalipira.

Kupala ndi kukwecha

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Thabwa limamwa bwino likangopalidwa kumene. Pakamapita masiku, timafuta ta m'kati mwa mtengo timakwera pamwamba, fumbi limatera, manja a anthu amagwirapo, ndipo kachikopa ka pamwambako kamayamba kukana madzi. Malangizo a akatswiri a matabwa ndi akuti mbali zoti zimatidwe zipalidwe pasanathe maola 24 kuti zimatidwe. Kalipentala amene wapala matabwa Lolemba n'kudzamata Loweruka ayenera kudutsitsaponso puleni kapena sandipepa pang'ono. Dzuwa nalo limaononga. Thabwa losapaka likakhala panja masabata ochepa chabe, pamwamba pake pamafumbwa, pamayamba kutuwa, ndipo penti amagwira pa timinyewa tomwe tathothoka kale. Zotuwazo zikwecheni mpaka mtundu weniweni wa mtengo uoneke.

Mpeni wa puleni ukhale wonola. Wobuntha sudula, umangopsinja ndi kutentha thabwa mpaka kumanyezimira. Ambiri amasangalala nako kunyezimirako, eti thabwa lasalala see, chonsecho timabowo tonse taphwanyika n'kutsekeka. Matabwa ochokera pamakina opalira omwe mipeni yake yatopa amakhala choncho, mwinanso ndi timizere takuda ta kupsa. Dontho la madzi lija limaulula msanga.

Pa sandipepa, nambala yaing'ono ndi yokhakhala, yaikulu ndi yosalala. Ngati thabwa lili ndi zipsera za macheka yambani ndi 80, kenako 120, n'kumalizira pa 150 kapena 180. Osadumpha kuchoka pa 80 kupita pa 180, chifukwa mikwasa ya 80 idzaonekera vanishi akauma. Komanso osapitirira 220 pa thabwa losapaka. Kukwecha ndi 320 kapena 400 kumalipukuta thabwa mpaka kutseka timabowo, mofanana ndi mpeni wobuntha uja. Kwechani motsata mizere ya mtengo, osati mopingasa, ndipo sandipepa akadzadza utomoni mutayeni, asamangopaka utomoniwo paliponse.

Pomata n'zosiyana pang'ono. Pali chikhulupiriro chakuti ukakanda thabwa ndi msomali kapena ndi macheka guluu amagwira kwambiri. Pa guluu woyera si zoona. Iye amafuna mbali ziwiri zowongoka, zokumana bwinobwino, zoti kamzere ka guluu kakhale kopyapyala. Mbali yopalidwa ndi puleni wakuthwa imaposa yokandidwa. Ngati n'kukwecha, 120 mopepuka atakulungidwa pa kathabwa kowongoka n'kokwanira.

M'mphepete mwakuthwa, mwa chitseko kapena mwa tebulo, dutsitsanimo sandipepa kawiri katatu kuti mubulungire pang'ono. Penti amathawa pakona yakuthwa, amakhalapo wochepa, ndiye kusupuka kumayambira pomwepo.

Mukamaliza chotsani fumbi lonse ndi bulashi, kenako kansalu konyowa pang'ono. Osati sanza yomwe munapukutira injini kapena nsapato.

Chinanso chimene chimadabwitsa oyamba kumene ndi ubweya. Mwakwecha thabwa lasalala, mwapaka vanishi wamadzi, likauma mupeza lakhakhala ngati ndevu za masiku awiri. Madzi amafufumitsa timinyewa todulidwa ndi sandipepa, timadzuka n'kuumira momwemo. Mankhwala ake ndi kutidzutsa dala musanapake: pukutani thabwa ndi kansalu konyowa, lisiyeni liume, kenako dutsitsani 220 mopepuka zedi, kongometa ubweyawo basi. Mukakwecha mwamphamvu mufika pa timinyewa tatsopano, tidzukanso. Pakati pa kupaka koyamba ndi kwachiwiri gwiritsani ntchito 240 kapena 320. Steel wool, uja wotsukira mapoto, asayandikire ntchito ya penti wamadzi. Tizidutswa take timatsalira m'timabowo, timachita dzimbiri, n'kusiya timadontho takuda m'kati mwa vanishi.

Mtengo uliwonse ndi khalidwe lake

Paini ndi amene ali ponseponse, wambiri wochokera ku Chikangawa m'nkhalango ya Viphya, yomwe inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000. Amamwa bwino ndipo amamatika mosavuta. Vuto lake ndi mfundo ndi utomoni. Dzuwa la mu Okutobala likawomba chitseko, utomoni umasungunuka n'kutulukira pa penti, kapena pamaoneka mabwalo achikasu pomwe pali mfundo. Palani utomoni woonekawo, pukutani ndi spiriti, n'kupaka shellac kapena knotting pa mfundo zokhazo kawiri musanaike primer. Primer wamadzi wamba sautseka utomoni.

Mlombwa, mbawa ndi bulugamu zili ndi utoto wawo wachilengedwe m'kati, womwe umasungunuka ndi madzi. Mukapaka penti woyera wamadzi mwachindunji, madziwo amakoka utotowo n'kuubweretsa pamwamba, penti n'kuchita madontho ofiirira ngati pathiridwa tiyi. Kuonjezera penti wina pamwamba sikuthandiza, amatulukanso. Pamafunika primer wotseka utoto, yemwe pachitini amalemba stain blocking, kapena primer wamafuta ataumitsitsa kenako penti wamadzi pamwamba. Ine ndimaona kuti kupaka mlombwa penti woyera n'kuuononga dala, mtengo wokongola chonchija ungofuna vanishi woonekera, koma izo n'za mwini wake. Bulugamu ali ndi khalidwe linanso: akakumana ndi chitsulo pali chinyezi amada bii. Ndiye chitsulo cha clamp chikakhudza guluu wonyowa pa bulugamu chimasiya banga, ikanipo kapepala kapulasitiki pakati. Mbawa nayo mizere yake imapiringizana, puleni amaizula m'malo ena, choncho imafuna mpeni wakuthwa kwambiri ndi kupala pang'onopang'ono.

Malaina amalandira penti ndi guluu bwino, koma amachedwa kuuma kuposa momwe amaonekera.

Palinso mitengo yamafuta, monga teak ndi mkungudza wa ku Mulanje. Mkungudza ndi mtengo wa fuko lathu ndipo watsala pang'ono kutheratu, kotero pano tikunena za mipando ndi zitseko zakale zomwe mukufuna kukonzanso, osati wodula lero. Mafuta omwe amaupatsa fungo lija ndi omwenso amakana guluu. Kwechani, pukutani ndi acetone mpaka kansalu kasiye kusintha mtundu, dikirani mphindi zochepa kuti aume, n'kumata nthawi yomweyo mafuta ena asanakwere. Acetone amayaka msanga, mbaula ndi fodya zikhale kutali.

Pa MDF, pamwamba pake pamalandira penti bwino koma m'mphepete modulidwa mumamwa ngati siponji n'kufufuma. Muyambe mwatseka m'mphepetemo ndi primer wosakhala wamadzi. Bolodi la melamine, loterera lija la makabati a kukhitchini, guluu woyera saligwira n'komwe.

Oyilo, polishi ndi penti wakale

Pofuna kuthana ndi chiswe, ambiri amapaka matabwa oyilo wakuda wochokera mu injini kapena creosote. Thabwa lotero laiwalani pa nkhani ya penti wamadzi ndi guluu woyera. Oyilo amalowa m'kati, mukakwecha pamwamba amakweranso. Ngati mukudziwa kuti felemu idzapakidwa penti, sankhani mankhwala a chiswe omwe pachitini alemba kuti amalola penti pamwamba. Matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala kufakitale amapakika akauma bwinobwino, koma zidutswa zake si zokolezera moto wophikira, utsi ndi phulusa lake n'zapoizoni.

Mipando yomwe yakhala ikupakidwa polishi wa phula kapena wofayira imavutanso. Polishi wofayira nthawi zambiri amakhala ndi silicone, ndipo vanishi akafikapo amathawa n'kusiya timaenje tobulungira ngati maso a nsomba. Polishiyo mumuchotse kaye ndi turpentine, mukusinthasintha kansalu, kenako mutsuke ndi sugar soap, liume, ndiyeno mukweche. Mukayamba ndi sandipepa mukungomulowetsa phulayo m'kati.

Pa penti wakale wonyezimira wamafuta, wamadzi sagwira pokhapokha mutapha kunyezimirako ndi 150 kapena 180 n'kuika primer wogwirizanitsa. Kuti mudziwe kuti wakaleyo ndi wamtundu wanji, pukutani pang'ono ndi thonje la spiriti. Wamadzi amafewa n'kuchoka pathonjepo, wamafuta sasuntha.

Apa pakufunika kusamala ndithu. Penti wina wamafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limaononga ubongo wa ana. Mu 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wogulitsidwa m'Malawi muno n'kupeza mtovu wochuluka m'mitundu ingapo, ndipo kuchokera apo a Malawi Bureau of Standards anayamba kuilondoloza nkhaniyi mwamphamvu. Koma penti yemwe anapakidwa kale pa zitseko ndi mawindo adakali pomwepo. Musamukweche wouma ndipo musamuwotche. Gwiritsani ntchito sandipepa wa m'madzi, wakuda uja, mukunyowetsa pamalopo, mwavala chotchinga pamphuno, ana ndi amayi oyembekezera ali kutali. Zotsalira zonse zipukutidwe ndi nsalu yonyowa, osasesa.

Za guluu

Pabotolo la guluu wabwino mumapeza chilembo D ndi nambala, kuchokera pa muyezo wa ku Ulaya wa EN 204. D1 ndi D2 ndi za m'nyumba mouma. D3 imapirira kunyowa kwa kanthawi, monga kukhitchini, kubafa kapena pakhonde pofoleredwa. D4 ndiyo ya zinthu zokumana ndi mvula, nayonso imafuna kuti thabwalo lipakidwe penti pamwamba. Benchi ya panja yomatidwa ndi D2 idzamasuka basi, kaya mwapala bwino chotani.

Guluu woyera satseka mipata. Mwendo wa mpando ukalowa mokhwefuka, kudzadzamo guluu wosakaniza ndi utuchi kumangobisa vuto kwa miyezi ingapo. Matani kachipande kopyapyala ka mtengo pa mwendowo kuti ulowe mothina. Pokonza mpando wakale, guluu wakale achoke yense mpaka mtengo uoneke, chifukwa watsopano amafuna timabowo ta mtengo, pa mnzake wouma sagwira. Madzi otentha amamufewetsa.

Kumutu kwa thabwa, komwe mwadula mopingasa, kumamwa guluu yense n'kusiya pouma. Sakanizani guluu pang'ono ndi madzi theka ndi theka, pakani pamenepo, dikirani mphindi zochepa, kenako ikani guluu weniweni. Kupatula apa, guluu si wothira madzi kuti achuluke.

Mukapaka, lumikizani pasanathe mphindi 5 mpaka 10. Panikizani ndi clamp, kapena ndi malamba a chubu cha galimoto ngati mulibe, mpaka timikanda ta guluu tituluke mumzere wonse. Siyani chopanikizacho kwa ola limodzi, ndipo chinthucho chisanyamule katundu mpaka mawa lake. Guluu wotulukayo musamufalitse ndi sanza yonyowa ngati mudzapaka vanishi, chifukwa amatseka timabowo ndipo pamenepo padzaoneka banga lotuwa. Dikirani alimbe ngati chingamu, mumuchotse ndi tchizulo.

Mawu akuti PVA amasokonezanso anthu. M'ma hardware athu PVA ndi dzinanso la penti wa pakhoma. Ameneyo ndi wa pulasitala. Pa chitseko kapena pa desiki amada msanga ndipo amafufutika ndi manja. Funsani penti wa matabwa ndi primer wake.

Nyengo

Guluu woyera ndi penti wamadzi sagwirizana ndi kuzizira kotsika pa madigiri 10. Timadontho ta pulasitiki tija timalephera kulumikizana, guluu n'kuuma ali mbuu ngati choko, wopanda mphamvu. Kwa a ku Dedza ndi ku Mzuzu, m'mamawa wa mu Juni ndi Julaye si nthawi yomata, dikirani dzuwa likwere. Chiperoni chikakuta Blantyre, Thyolo kapena Mulanje, madzi a mu penti alibe kopita, ndiye maola olembedwa pachitini saonanso ntchito. Kutentha kwa ku Nsanje kapena ku Salima kumachita zosemphana: penti amaumira pabulashi asanalowe, guluu n'kuchita kachikopa musanalumikize. Gwirani ntchito pamthunzi, ndipo thabwa lotentha ndi dzuwa liyambe lazizira.

Kumafakitale amatani

Mafakitale ena a kunja amadutsitsa thabwa pansi pa magetsi amphamvu omwe amasandutsa mpweya kukhala plasma. Kwa masekondi ochepa chabe, popanda kuwotcha, mpweyawo umasintha kachikopa ka pamwamba penipeni kuti kazikoka madzi, ndipo dontho lomwe linali lobulungira limaphwatalala. Ku Göttingen ku Germany, akatswiri a pa sukulu ya HAWK akhala akufufuza njirayi pa matabwa kwa zaka zambiri. Njira yofanana nayo ndi imene amakonzera mapepala apulasitiki okutira zakudya kuti inki igwire. Mphamvu yake imachepa masiku akamapita, choncho nakonso amapaka kapena kumata mwachangu, monga mmene amachitira wa puleni pansi pa mtengo wa mango.

Kuyesa ntchito isanakule

Ngati mwapatsidwa ntchito ya madesiki 50 kapena zitseko za nyumba yonse, yambani ndi zidutswa za matabwa omwewo. Matani ziwiri, zigone maola 24, muzithyole ndi nyundo. Zikathyoka n'kuzula minyewa ya mtengo, guluu wagwira. Zikasiyana bwinobwino mumzere, mbali zonse zili zosalala, bwererani pa kupala ndi pa chinyezi.

Pa penti, pakani kachidutswa monga mmene mudzapakire chinthu chenichenicho, primer ndi zonse. Pakatha sabata, dulani ndi lezala timizere 6 choimirira ndi 6 chopingasa, motalikirana mamilimita awiri, matanipo selotepi mwamphamvu n'kuimatula kamodzi. Timabokosi tikatsala pathabwa, pitirizani. Tikapita ndi selotepi, pali chomwe chadumphidwa.

Kwa inu ogula chitseko chopakidwa kale, pisani dzanja kunsi kwake ndi pamwamba pake. Mbali ziwirizi ndi zomwe zimaiwalika, chonsecho madzi okolopera ndi a mvula amalowera momwemo n'kukankha penti kuchokera m'kati. Ngati n'zosapaka, zipakidwe chitsekocho chisanapachikidwe. Ndipo tebulo longopakidwa vanishi wamadzi, olo liume m'maola awiri, limatenga masabata atatu kapena anayi kuti lilimbiretu. M'masiku amenewo poto wotentha, pulasitiki yoyala ndi sopo wotsukira zidikire kaye.